Injini yoyenera galimoto yakale ya pamsewu wa ku Thambani

Ku America, okonzanso galimoto zakale monga Ford Mustang, yomwe idatuluka mu 1964, amakonda injini ya V8 chifukwa cha liwiro. Koma kwa mwini Toyota Hilux yakale yonyamula manachesi kuchoka ku Thambani kupita paboma la Mwanza, liwiro si nkhani: injini yolakwika imamudyera mpamba wonse.

Chofunika choyamba ndi mphamvu yokoka katundu pachitunda. Injini za dizilo monga 3L, ya malita 2.8, ndi 5L, ya malita 3.0, zimakoka bwino ngakhale galimoto ikuyenda pang'onopang'ono, komanso sizimwa mafuta ngati V8.

Chachiwiri ndi kakonzedwe. Injini ya 3L siyendera kompyuta, choncho makaniko amaikonza ndi masipanala wamba, pomwe injini zamakono zimafuna makina opimira.

Chachitatu, injiniyo igwirizane ndi giyabokosi komanso radiyeta. Injini yaikulu ikamangidwa pa radiyeta yaing'ono imatentha msanga pokwera phiri.

Pomaliza, nambala ya injini yatsopano ikalembetsedwe ku nthambi ya Road Traffic. Ikasiyana ndi ya m'mapepala a galimoto, ulendo ukhoza kuthera m'manja mwa apolisi apamsewu, manachesi n'kuolera m'galimoto.