Kusankha Nsomba Zokhalira Limodzi M'thanki ya Zomera

Munthu akakonza thanki yaikulu yagalasi yodzalamo zomera, maganizo ake amathamangira ku mbuna za m'nyanja yathu ya Malawi. Ine ndimazikonda kwambiri mbuna, koma ndimalangiza kuti zikhale m'thanki yawoyawo. Zimakumba mchenga, zimadya masamba ofewa, zimalimbirana malo, ndipo zimafuna madzi a pH yoposa 7.5, pamene nsomba zofatsa zambiri zimasangalala pa pH 6.5 mpaka 7.

Posankha nsomba zokhalira limodzi, choyamba ndimaona madzi: nsomba zonse zigwirizane ndi kutentha kwa madigiri 24 mpaka 26. Kenako ndimagawa malo. Pakati pakhale nsomba zoyenda m'magulu, monga neon tetra za ku Amazon kapena harlequin rasbora za ku Malaysia ndi Thailand. Mtundu uliwonse ufike khumi, chifukwa zikachepa zimachita mantha n'kumangobisala. Pansi pakhale corydoras, pa mchenga wosalala kuti ndevu zawo zisavulale. Otocinclus zimapala ndere pamasamba, koma zilowe thanki itakhalitsa, ndere zitamera kale.

Yang'anitsitsaninso pakamwa pa nsomba. Angelfish ikakula imameza neon tetra, ndipo tiger barb imaluma zipsepse zazitali za angelfish ndi gourami.

Chonde musathire nsomba zonse tsiku limodzi. Mabakiteriya a m'fyuluta amafuna nthawi kuti achuluke n'kuyamba kuthana ndi ammonia wochokera m'zitosi. Nsomba zatsopano muzisunge padera milungu iwiri mpaka inayi, kuti matenda asafalikire kwa zinzake.