Mpira Utasanduka Dzira pa Sikirini

Mwezi watha ndinagula sikirini ya kaunjika yoti ndilumikize ku kompyuta yanga ya pa desiki. Nditayatsa, ndinagwira pakamwa. Mdzukulu wanga wowonda uja, amene chithunzi chake chimandilandira ndikangotsegula kompyuta, anali atafufuma masaya ngati wamuluma njuchi, ndipo mpira umene ananyamula unali utasanduka dzira. Mumtima ndinati basi, andigwira m'maso.

Komatu sikiriniyo inalibe mlandu. Mukaiyang'anitsitsa pafupi, galasi lake ndi timadontho towala tondandalikana m'mizere ngati mapando a chimanga. Timadonthoti ndi ma pixel, ndipo kuchuluka kwake ndi kumene amati resolution. Yangayi ili ndi timadontho 1920 chopingasa ndi 1080 chotsika, tonse pamodzi 2,073,600. Anatiika kufakitale, sitichuluka ndipo sitichepa. Koma kompyuta inkatumiza chithunzi cha 1024 x 768, muyeso wa masikirini akale a chimimba kumbuyo aja. Sikirini yotambalalayi inkangochikokera m'mbali chithunzicho kuti chikwanire galasi lonse, monga timakokera nsalu yaing'ono pa tebulo lalikulu. Zilembo nazo zinali zachimbuuzi, poti dontho limodzi lochokera ku kompyuta linkapakidwa pa timadontho tingapo.

Kukonza kwake nthawi zambiri n'kosavuta. Pa Windows mumadina batani la kumanja la mausi pamalo opanda kanthu, n'kulowa mu Display settings, n'kusankha muyeso umene pambali pake palembedwa kuti Recommended. Musaope kuyesa. Mukalakwitsa sikirini n'kuda bii, ingodikirani masekondi 15, zibwerera zokha mwakale. A Linux amalemba lamulo lakuti xrandr, ndipo pamndandanda umene umatuluka, kanyenyezi kamasonyeza muyeso umene ukugwira ntchito, kamtanda kamasonyeza umene sikiriniyo imafuna.

Kwa ine zinavuta, chifukwa 1920 x 1080 pamndandandapo panalibe. Mphwanga amene amakonza makompyuta sanakhudze n'komwe mausi. Anazula chingwe cha mutu wabuluu chija, cha VGA, chimene IBM inatulutsa mu 1987, n'kuwerenga timano take. Timayenera kukhala 15 m'mizere itatu, ndipo kamodzi kanali katapindika.

"Achimwene, sikirini imadzitchula yokha," anatero. Imatumiza kauthenga kotchedwa EDID kudzera m'chingwe momwemo, kouza kompyuta dzina lake ndi miyeso imene imakwanitsa. Uthengawo ukapanda kufika, kompyuta imangoganizira muyeso waung'ono umene pafupifupi sikirini iliyonse ingalandire. Tinasintha chingwe, mdzukulu wanga n'kuphwa masaya nthawi yomweyo.

Kenaka zilembo zinachepetsetsa moti maso anga okalambawa ankachita kutsinzinira. Ndinafuna kubwerera ku muyeso wakale uja, koma mphwangayo anandigwira dzanja. Resolution anaisiya pomwepo, n'kukweza Scale kufika pa 125%. Zilembo zinakula osasokonekera, mpira uli wobulungira ndithu.