Alendo a mapiko ali m'njira: tiyeni tikawachingamire kudambo

Mwezi wa Seputembala ukamapita kumapeto, mitengo ya m'mapaki a mumzinda wa London imayamba kusintha mtundu. Masamba ena amafiira, ena amachita chikasu, kenaka nkuyamba kuyoyoka. Dzuwa limalowa msanga ndipo kamphepo kozizira kamayamba kuomba. Nyengo imeneyi eni ake amaitcha autumn, ndipo imabwera kutentha kukatha, chisanu choopsa chisanafike.

Ndi m'nyengo imeneyi momwe mabanja ambiri kumeneko amalawira Loweruka, atavala majekete ndi majombo, ulendo wa kupaki yoyandikana ndi kwawo kukaona mbalame. Pachipata amakumana ndi wowatsogolera, munthu wodziwa mayina a mbalame ndi mitengo, ndipo amayenda naye pang'onopang'ono kwa maola awiri kapena atatu, maso ali m'mwamba.

Ena mwa inu owerenga mwina mwaseka kale. Munthu wamkulu ndi ndevu zake kumalondola timba? Kumeneko ndiye kukhuta! Komatu nkhaniyi ikutikhudza ndithu, chifukwa mitundu ina ya mbalame imene anthu a ku Ulaya amatsanzikana nayo mu Seputembala ndi yomwe ija timaiona itandandalika panthambo za magetsi pa Mponela, pa Balaka kapena pa Luchenza mvula ikayandikira. Iwo amaziperekeza, ife ndiye ozilandira.

Amakaonako chiyani?

Kudera la Barnes mumzinda wa London kuli malo otchedwa London Wetland Centre omwe anatsegulidwa m'chaka cha 2000. Kale malowa anali madamu osungiramo madzi akumwa, koma atasiya kugwira ntchito anawasandutsa dambo la mabango ndi maiwe. Nyengo yoyoyoka masamba ikafika, anthu amakaonako abakha am'tchire omwe amathawa chisanu kumayiko a kumpoto kwenikweni. Ku Richmond Park, mumzinda womwewo, kuli agwape oposa 600 ndipo miyezi imeneyi ndi yomwe amphongo amabangula ndi kulimbana polimbirana akazi. Otsogolera amaonetsanso anthu bowa, zipatso zam'tchire ndi mapazi a nyama.

Nako ku America zili chimodzimodzi. Paki ya Central Park ili pakatikati pa nyumba zosanjikizana za mumzinda wa New York, koma chaka chilichonse mumaoneka mitundu ya mbalame yoposa 200. Zambiri mwa izo zimangotera kuti zipume ndi kudya zili paulendo.

Chikondi cha mbalamechi chinachita kuphunzitsidwa. Bungwe lalikulu loteteza mbalame ku Britain, la RSPB, linayamba m'chaka cha 1889 ndipo analiyambitsa ndi amayi omwe ananyansidwa ndi kuphedwa kwa mbalame pofuna nthenga zokometsera zipewa. Lero bungweli lili ndi mamembala oposa 1 miliyoni.

Dokowe wa mkondo pakhosi

Kwa zaka mazanamazana anthu a ku Ulaya sankadziwa komwe mbalame zawo zimalowera nthawi ya chisanu. Ngakhale anthu ophunzira ankakhulupirira zoti anamzeze amakabisala m'matope pansi pa maiwe mpaka kunja kutafunda.

Chinsinsi chinayamba kuululika m'chaka cha 1822 pomwe pafupi ndi mudzi wa Klütz ku Germany anapha dokowe yemwe anali ndi mkondo pakhosi, wotalika kuposa theka la mita. Atauyang'anitsitsa anapeza kuti unali wochokera ku Africa. Mlenje wina wa kuno anailasa mbalameyo koma siinafe, inauluka ndi mkondowo mpaka kwawo. Dokoweyo anamuumika ndipo akusungidwa payunivesite ya Rostock.

Umboni wina unapezeka patapita zaka pafupifupi 90. Mu Meyi 1911 munthu wina wa m'dera la Staffordshire ku England anaveka namzeze kamphete ka nambala kumwendo. Mu Disembala 1912 namzeze yemweyo anagwidwa pafamu ina ku Natal, m'dziko la South Africa. Kambalame kolemera magalamu 20 okha kanali kataoloka nyanja ya Mediterranean ndi chipululu cha Sahara, mtunda wa makilomita oposa 9,000.

Chomwe chimazithamangitsa kwawo ndi njala. Chisanu chikafika, tizilombo touluka timasowa. Nthawi yomweyo kuno mvula imakhala ikuyamba, inswa zikutuluka, ziwala ndi mbozi zili paliponse. Zikadya nkunenepa, mu Malichi ndi Epulo zimabwerera kwawo kukaikira mazira.

Alendo athu ndi ati?

M'dziko muno muli mitundu ya mbalame pafupifupi 650. Yambiri ndi nzika zokhazikika monga pumbwa, njiwa, nkhwali, nantchengwa ndi nkhwazi ija ili pachizindikiro cha dziko lathu. Koma ina ndi yobwera.

Woyamba ndi namzeze wa ku Ulaya ndi ku Asia. Samalani, si anamzeze onse omwe ali alendo. Aja amamanga zisa zadothi pakhonde la sukulu kapena pansi pa mlatho ndi a kuno konkuno ku Africa. Mlendoyo ali ndi khosi lofiira moderapo, kamzere kakuda pachifuwa, mimba yoyererapo ndi mchira wamphanda. Kuno samanga chisa. Masana amawakha tizilombo m'malere, madzulo nkukagona m'mabango ali chigulu.

Wachiwiri ndi dokowe woyera wa milomo ndi miyendo yofiira. Iyeyu sakonda kukupiza mapiko. Amadalira mpweya wotentha wokwera kuchokera pansi kuti umunyamule, ndipo mpweya wotere pamwamba pa nyanja supezeka. Nchifukwa chake madokowe amaolokera pomwe nyanja yaning'a, monga pa Gibraltar ndi pa Istanbul. Palinso dokowe wina wocheperapo, wakuda kumsana ndi woyera kumimba, yemwe amaswana kumayiko a kumunsi kwa Sahara nkufika kuno ndi mvula yoyamba. Onse awiriwa ndi abwenzi a mlimi chifukwa amadya dzombe, ziwala ndi ntchemberezandonda.

Ngwazi ya onse ndi kamphamba kotchedwa Amur falcon. Kamaswana kum'mawa kwa Russia ndi kumpoto kwa China, kamapuma ku India, kenaka kamauluka pamwamba pa nyanja ya mchere makilomita pafupifupi 3,000 osatera paliponse mpaka kufika kugombe la kum'mawa kwa Africa. Kuchoka apo kamatsikira kummwera, ndipo ena amadutsa m'dziko muno. Mukadzaona timphamba tambiri tikuwakha inswa madzulo m'mwezi wa Disembala, mudzatiyang'anitsitse bwino, mwina nkukhala alendo a ku China.

Ndiwo za lero, njala ya mawa

Ulendo wa mbalamezi uli ndi zoopsa zambiri, koma choopsa kwambiri ndi munthu. M'chaka cha 2012 zinadziwika kuti padamu la Doyang m'chigawo cha Nagaland ku India, anthu ankakola timphamba tija ndi maukonde toposa 100,000 chaka chilichonse nkumagulitsa ngati ndiwo. Nkhaniyi itamveka, boma, mabungwe, mipingo ndi atsogoleri a midzi anakhala pansi. Pofika chaka chotsatira kukola kuja kunali kutatheratu, ndipo anthu a m'mudzi wa Pangti omwe ankatchera maukonde anayamba kulandira alendo obwera kudzaona mbalamezo.

Nafenso kuno tili ndi zathu. Mwana wamwamuna amakula legeni ili m'khosi, ndipo chilichonse chouluka kwa iye ndi ndiwo. Moto wa osaka mbewa umapsereza tchire mu Ogasiti ndi Seputembala. Mitengo ikuthera kumakala ndi kumauvuni a njerwa, pomwe madambo tikulima mpaka m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje, osasiya ngakhale bango limodzi. Mlendo wauluka milungu ingapo, akufika nkupeza pogona pake pali dimba la kabichi.

Palibe akukana kuti nthawi ya njala mbalame zapulumutsa mabanja. Anthu a kunyanja ya Chilwa akudziwa bwino zimenezi. Nyanjayi inaphwa mu 1968, mu 1995 komanso mbali yaikulu mu 2018, ndipo nsomba zikasowa anthu ambiri amatembenukira kumbalame za m'madzi. Koma alenje akumeneko anazindikira kuti kukola mosasamala nkudzitema nkhwangwa pamwendo. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 anapanga magulu awo, nkugwirizana za malo oswanirana mbalame osaloledwa kusakako komanso miyezi yoleka kutchera misampha.

Nyanja ya Chilwa ndi malo oyamba m'dziko muno kulowa mumndandanda wa madambo ofunika padziko lonse pansi pa mgwirizano wa Ramsar, womwe unasayinidwa ku Iran mu 1971. Dambo la Elephant Marsh kuchigwa cha Shire linalowa mumndandandawu mu 2017. Chaka chomwecho lamulo loteteza nyama zam'tchire m'dziko muno linakhwimitsa zilango kwa opha nyama zotetezedwa. Koma lamulo silingalondere dambo lililonse. Mlonda weniweni ndi munthu wodziwa kuti kambalame ali nako pamaso kachokera kutali motani, ndipo apa mpomwe pagona phindu la maulendo okaona mbalame aja.

Nanga paki yathu ili kuti?

Okhala ku Lilongwe ali ndi nkhalango ya m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi, momwe muli Lilongwe Wildlife Centre ndi tinjira toyendamo wapansi. Ku Blantyre kuli phiri la Michiru. Ku Zomba kuli munda wa mitengo ndi maluwa wa m'mbali mwa Mulunguzi komanso phiri lenilenilo, komwe kumapezeka kambalame ka khosi lachikasu kotchedwa yellow-throated apalis. Kambalameka kamapezeka m'nkhalango za mapiri a Zomba, Malosa ndi Mulanje basi, ndiye nkhalangozo zikatha nako katha. Nako ku Liwonde National Park, m'mbali mwa Shire, kwaoneka mitundu ya mbalame yoposa 400.

Bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi, lomwe linayamba mu 1947, lakhala likukonza maulendo oyenda m'tchire kudzera m'nthambi zake komanso kuthandiza makalabu a zachilengedwe m'sukulu. Mphunzitsi woyang'anira kalabu pasukulu ya mwana wanu ndi munthu woyenera kumufunsa.

Koma musati poti muli pa Jenda, pa Lizulu kapena pa Nchalo ndiye kuti mwamanidwa. Dambo la kuseri kwa msika, damu la pasukulu ya mishoni, mkuyu wa pachitsime kapena kankhalango ka mudzi ndi paki yokwanira. Kumanda nakonso kumakhala mbalame zambiri poti mitengo yake sadula, koma kumeneko oneranitu patali, musalowe popanda chilolezo cha amfumu.

Ndipo masamba ofiira tili nawo nafenso. Kusiyana kwake nkwakuti a ku Ulaya amafiira akamafa, pomwe a mitengo yathu ya tsamba ndi mombo amafiira akamaphuka. Chakumapeto kwa chilimwe mapiri amavala mphukira zofiira ngati mkuwa mvula isanagwe ndi dontho lomwe.

Kuona maso a nkhono nkudekha

Ulendo wokaona mbalame sufuna ndalama. Nthawi yabwino ndi m'mawa dzuwa likungotuluka, kapena chakumadzulo kukayamba kuzizira. Gulu lisapitirire anthu khumi, ndipo muvale zovala zosawala. Yendani dzuwa lili kumbuyo kwanu kuti muone bwino mitundu ya nthenga. Mukaona mbalame musathamangire kuiloza ndi chala kapena kukuwa. Imani, yang'anani kukula kwake, mlomo, mchira, kaulukidwe ndi chomwe ikudya. Mvetseraninso kulira kwake, pakuti mbalame zambiri zimamveka zisanaoneke.

Magalasi oonera patali amathandiza, koma ngakhale popanda iwo zimatheka. Chofunika ndi kope ndi pensulo. Mwana mmodzi akhale mlembi, azilemba tsiku, malo ndi mbalame zomwe mwaona. Mukachita zimenezi zaka zingapo mudzadziwa nokha sabata yomwe anamzeze amafika kwanuko, komanso ngati akuchuluka kapena kuchepa. Amene ali ndi foni ya intaneti angathe kugwiritsa ntchito pulogalamu yaulere ya Merlin yothandiza kuzindikira mbalame, ndi ya eBird yomwe imasonkhanitsa zimene anthu aona padziko lonse kuti akatswiri azigwiritse ntchito.

Za wotsogolera musade nkhawa. Agogo a pakhomo panu amadziwa mayina a mbalame omwe sali m'buku lililonse la kusukulu. Amadziwa nsadzu yolondolera anthu kunjuchi, mnthengu wonyenga anzake ndi kulira kwabodza, ndi mbalame zomwe zikayamba kulira mlimi amakonzeratu mbewu. Atengeni, ayende patsogolo. Nawonso anyamata a legeni musawasiye, chifukwa palibe wa maso akuthwa kuposa iwo. Angosiya legeniyo kunyumba, ntchito yawo ikhale yoonetsa anzawo pomwe mbalame yabisala. Mukakumana ndi kadzidzi ali mtulo panthambi, ana auzidwe kuti ameneyo ndi wakupha makoswe omwe amatha chimanga m'nkhokwe, asamugende.

Chaka chilichonse dziko lapansi limakumbukira mbalame zoyenda maulendo ataliatali kawiri, Loweruka lachiwiri la Meyi ndi Loweruka lachiwiri la Okutobala. La Okutobalali limagwa nthawi yomwe anamzeze oyamba amakhala akufika kuno. Akuluakulu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Pofika Epulo alendowa adzakhala atanyamuka. Tsono tsiku limenelo dzutsani ana m'mamawa, muitane agogo, mutsikire kudambo mukaone ngati afika, ndiponso ngati mabango awo ogonamo akadalipo.