Intaneti yopatsirana: zimene a ku Chadiza ayenera kudziwa za mafunde ndi matchanelo

M'midzi ya kwa Mlolo, kwa Zingalume ndi kwa Mwangala, ngakhale mwana akhoza kukulozerani pamene foni imagwira: pachulu, kuseri kwa sukulu, kapena pamtunda pamene msewu wakhotera. Milongoti ya MTN, Airtel ndi Zamtel yachuluka poyerekeza ndi kale, koma mapiri ndi zigwa za Chadiza zimasiyabe midzi ina kunja. Namwino wofuna kutumiza malipoti ku boma ndi mphunzitsi wofuna zophunzitsira amathera mabandulo ndi nthawi posaka netiweki.

Pali njira imene anthu a kumadera ena anayesa. Mumagula intaneti pamalo amodzi, monga pasukulu kapena pachipatala, kaya kudzera pa mlongoti wapafupi kaya pa Starlink imene inayamba kugwira ntchito m'Zambia mu 2023. Kenako mumamangirira timabokosi ta wailesi pamadenga ndi pamitengo yazitsulo. Kabokosi kalikonse kamalandira uthenga n'kuupatsira kanzake, ndipo kamodzi kakazima, tinato timaupezera uthengawo njira ina. Akatswiri amati imeneyi ndi mesh. Ku Macha, makilomita pafupifupi 70 kuchokera ku Choma, bungwe la LinkNet linamanga netiweki yotere chapakati pa zaka za m'ma 2000. Linagwiritsa ntchito timabokosi totchipa ta Linksys, n'kulumikiza chipatala, masukulu ndi nyumba za anthu ku intaneti ya setilaiti, mothandizana ndi akatswiri a Meraka Institute a ku South Africa. Achinyamata a komweko ndiwo anaphunzira kukwera padenga ndi kukonza.

Kuti netiweki yotere ikhale yamoyo kapena ife, nkhani yagona pa mafunde amene mwasankha. Wailesi ya Breeze FM ya ku Chipata, monga ma FM onse, imaulutsa pakati pa 87.5 ndi 108 MHz. Mafunde ake ndi aatali pafupifupi mamita atatu, ndiye amazemba mitengo ndi nyumba mosavuta. Wi-Fi, imene timabokosi ta mesh timagwiritsa ntchito, imayenda pa 2.4 GHz, kutanthauza kuti fundelo limagwedezeka maulendo 2.4 biliyoni pa sekondi imodzi, ndipo kutalika kwake ndi masentimita 12 okha. Ina imayenda pa 5 GHz, pamene fundelo ndi la masentimita 6. Funde likafupika limavutika kudutsa zotchinga, makamaka zamadzi, ndipo tsamba laliwisi limakhala ndi madzi ambiri.

Pa 2.4 GHz pali matchanelo 13 m'maiko ambiri, koma musanyengedwe ndi chiwerengerocho. Matchanelowo atalikirana ndi 5 MHz basi, pamene uthenga wa Wi-Fi umadya malo okwana 20 MHz kapena kuposerapo pang'ono. Choncho amene ali pa tchanelo 3 amalowerera wa pa 1 ndi wa pa 6 yemwe. Amene sakhudzana ndi atatu okha: 1, 6 ndi 11. Bluetooth ya m'mafoni ndi m'masipika nayo imapanikizana pomwepo.

Tsono pa tchanelo chimodzi zimakhala ngati pabwalo la amfumu: amalankhula mmodzi, ena onse akumvetsera. Kabokosi ka wailesi imodzi sikangalandire ndi kutumiza nthawi yomweyo. Kamayamba kamva uthenga wonse, kenako n'kuubwereza kwa kotsatira, ndipo pamene kakubwereza, timabokosi tonse tapafupi timadikira. Zotsatira zake n'zakuti liwiro limatsika pafupifupi ndi theka uthenga ukadumpha kamodzi, n'kumatsikabe pa kudumpha kulikonse. Nyumba yoyandikana ndi sukulu imaonera kanema bwinobwino, pamene ya kumapeto kwa mzere, imenenso inasonkha nawo ndalama, imalephera ngakhale kutsegula chithunzi cha pa WhatsApp. Mikangano ya m'magulu otere imayambira apa, anthu n'kumaganizirana kuti wina akuba, pamene vuto ndi lakuti timabokosi tonse tinasiyidwa pa tchanelo chimene tinabwera nacho kuchokera kusitolo.

Mankhwala ake ndi kugawa ntchito. Gulani timabokosi ta mawailesi awiri. Wailesi ya 5 GHz ikhale yolumikiza denga ndi denga, chifukwa kumeneko matchanelo osakhudzana ndi ambiri, ndipo ndi kambale kolunjika bwino uthenga umafika makilomita angapo. Ya 2.4 GHz ikhale yolankhula ndi mafoni a anthu, poti ngakhale mafoni akale amaimva. Timabokosi toyandikana musatiike pa tchanelo chimodzi: aka pa 1, ako pa 6, kachitatu pa 11. N'zoona kuti timabokosi totere timakwererapo mtengo, koma ine ndikuona kuti gulu likhoza kuyamba ndi malo anayi olumikizidwa bwino kusiyana ndi malo khumi ongokwawa.

Pano Chadiza ali ndi mwayi umene Lusaka alibe. M'tauni mlengalenga mwadzaza Wi-Fi ya nyumba iliyonse, pamene kumudzi matchanelo ali mbee. Mdani wa kuno ndi mtengo ndi phiri. Sikokwanira kuti woima padenga la sukulu aziona denga la chipatala. Mafunde amafuna mpata kuzungulira mzere wolunjikawo, ndipo mpatawo umakula kwambiri pakati pa njira. Pa 2.4 GHz, ngati malo awiri atalikirana makilomita 5, pakatikati pamafunika mamita osachepera 7 opanda kanthu kunsi kwa mzerewo. Mtengo wa mango umodzi utalowa mumpatamo, liwiro lagwa. Ndipo musayeze m'mwezi wa Ogasiti thengo litayoyoka masamba, chifukwa netiweki imene inkagwira bwino m'chilimwe imadzakanika mu Febuluwale zonse zitabiriwira. Dzinja lomwelo ndi la mphenzi, choncho mtengo wachitsulo uliwonse ukhale ndi waya wopititsa mphenzi pansi. Magetsi akhale a sola ndi batire, poti tonse tikukumbukira kuzimazima kwa 2024 madzi atachepa ku Kariba.

Kwa midzi ya kuseri kwa zitunda, mafunde oyenera ndi ena: a wailesi yakanema, apakati pa 470 ndi 694 MHz, aatali pafupifupi theka la mita. Kumidzi matchanelo ambiri a kumeneko amangokhala opanda woulutsirapo. Mu 2013, Dr Chomora Mikeka ndi anzake a ku Chancellor College ku Malawi, mogwirizana ndi MACRA, bungwe loyang'anira mafunde m'dzikolo, anagwiritsa ntchito matchanelo otsalawo kutumiza intaneti ku St Mary's Girls Secondary School ndi malo ena ku Zomba, dera lamapiri ndi mitengo ngati lathuli.

Mafunde amenewo munthu sangangodzitengera. M'Zambia muno amene amagawa mafunde ndi kuvomereza zipangizo ndi ZICTA, imene inakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2009, ndipo m'dera la m'malire ngati Chadiza uthenga wamphamvu ukhoza kuwolokera ku Mozambique. Gulu lililonse lofuna kumanga mesh, ngakhale pa 2.4 ndi 5 GHz pomwe, liyambe lalembera ZICTA lisanagule kabokosi koyamba. Makhansala athu nawonso apemphe kuti kuyesa konga kwa ku Zomba kudzachitikire kuno, kuyambira pa zipatala zing'onozing'ono zimene foni sigwira.