Galimoto yakale, penti watsopano: ntchito yaikulu ili pansi pa utoto

Mu Okutobala 1980 fakitale ya galimoto ya MG ku Abingdon, kufupi ndi mzinda wa Oxford ku England, inatsekedwa. M'menemo ndi m'mene munkapangidwa MGB, kagalimoto kaliwiro, kotsika pansi, kamene mtundu wake wotchuka uli ndi mipando iwiri ndi denga lansalu lopindika. Kuyambira 1962 anali atapanga galimoto zotere zoposa 500,000. Papita zaka zoposa 40, koma zambiri zikuyendabe, ndipo zina zimanyezimira ngati zatuluka dzulo m'sitolo.

Eni ake si onse amene ali ndi chuma. Ambiri amazipenta okha m'galaja ya pakhomo, madzulo akaweruka ndiponso Loweruka, chifukwa ndalama zimene ofisina imalipiritsa nthawi zina zimayandikira mtengo wa galimoto yeniyeniyo. Vuto limeneli si lachilendo kwa mwini Hilux kapena Nissan 1400 yonyamula mbatatesi ku Angónia ndi ku Tsangano. Galimoto n'zosiyana, koma chitsulo, dzimbiri ndi penti n'zimodzimodzi, ndipo zimene anthu a MGB anaphunzira movutikira zingapulumutse ndalama ndi moyo wa munthu wa kuno.

Mdani ali mkati

Galimoto ya MGB ilibe chasisi chapadera ngati cha lole. Mphamvu yake ili m'thupi momwemo, makamaka m'zitsulo zazitali za m'munsi mwa zitseko. Ku Britain amathira mchere m'misewu nyengo yachisanu kuti madzi asaundane, ndipo mcherewo umalowa m'zitsulo zimenezi nkuzidya kuyambira mkati. Kuno ntchito yomweyo imagwiridwa ndi matope a dzinja, amene amakakamira kuseri kwa madigadi nkusunga chinyezi miyezi yambiri.

Chizindikiro choyamba ndi timatuza totupa papenti. Wosadziwa amapala pamwamba, nkupaka utoto, nkusangalala. Mvula ikangogwa chaka chimodzi timatuza tija timabweranso, tsopano tatikulu. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Pamene dzimbiri laboola pafunika kudula ndi kuwotchererapo chitsulo chatsopano. Phala lotsekera makwinya, limene amisiri a bate-chapa amalitcha masa, ntchito yake n'kusalaza timaenje tating'ono, ndipo likhale lopyapyala. Likachindikala limang'aluka galimoto ikayamba kudumpha m'mabampu. Wogula galimoto yopentedwa kale angayendetse maginito m'mbali mwake: pamene maginitoyo sakugwira, pali masa wambiri.

Masabata a lisha

Kupopera penti kumatha tsiku limodzi kapena awiri. Kukonzekera kumadya masabata. Galimoto imatsukidwa kaye ndi sopo, kenaka imapukutidwa ndi mankhwala ochotsa mafuta. Nyali, mabampala, zogwirira zitseko ndi zikwangwani za nambala zimamasulidwa, magalasi amaphimbidwa ndi mapepala ndi tepi.

Asanagule chitini chilichonse, mmisiri wochenjera amanyowetsa kansalu ndi thinala, uja wolembedwa diluente pabotolo, nkupukuta pamalo obisika. Utoto wakale ukafewa nkutsalira pakansalu, ndiye kuti sugwirizana ndi penti wina aliyense, ndipo watsopano angaukwinyitse ngati khungu la nkhalamba. Pamenepo pafunika kuupala wonse, kapena kuyala kaye utoto wotchinga pakati pa wakale ndi watsopano.

Mapepala opalira, lisha, ali ndi manambala, ndipo nambala ikamakula pepalalo limasalala. Ya 80 ndi yochotsera penti ndi dzimbiri mpaka chitsulo chioneke. Ya 180 imasalaza masa. Kenaka pamapoperedwa utoto woyala pansi, primário, umene umapalidwa ndi ya 320 kapena 400, ndipo potsiriza ndi ya 600 kapena 800 yonyowetsa ndi madzi. Masa yekha sapalidwa ndi madzi chifukwa amamwa chinyezi. Chitsulo chopalidwa chisagone pabwalo chosaphimba, pakuti mame a usiku umodzi amakwanira kuyambitsanso dzimbiri.

Pali nzeru ina yotsika mtengo. Amawaza utoto wakuda pang'ono chabe pamwamba pa primário, nkupala ndi lisha yokulungidwa pakathabwa kosalala. Pamene pakutsalira zakuda, pali kadzenje. Diso silingakaone tsopano, koma penti wonyezimira akadzafika adzakaonetsa kwa aliyense wodutsa pamsewu.

Penti amene amapweteka mapapo

Kale kupenta galimoto kunkatenga masabata chifukwa utoto unkauma mochedwa. Zinthu zinasintha pamene kampani ya DuPont ku America inatulutsa penti wouma msanga wotchedwa Duco, amene anayamba kuoneka pagalimoto za Oakland za 1924. Penti wa mtundu umenewu, wa selulozi, ndi amene opentera pakhomo ku Britain amamukondabe. Amauma mofulumira ndipo cholakwika chimakonzeka ndi lisha, ngakhale kuti amafuna kupopera kangapo, amafwifwa padzuwa, komanso sachedwa kuyaka moto.

Masiku ano maofisina ambiri amagwiritsa ntchito penti wotchedwa 2K, wosakaniza ndi mankhwala oumitsa. Ndi wolimba ndiponso amawala zaka zambiri. Koma m'mankhwala oumitsawo muli poizoni wotchedwa isocyanate. Bungwe loona za chitetezo pantchito ku Britain, Health and Safety Executive, lakhala likuchenjeza kuti opopera galimoto ali m'gulu la antchito amene amadwala kwambiri mphumu chifukwa cha poizoni ameneyu. Nkhungu yake yambiri sioneka ndi maso, ndipo imatsalira m'chipinda ngakhale kupopera kutatha. Kansalu kapakamwa kapena chophimba chapepala sichithandiza. Chofunika ndi chigoba cholandira mpweya wabwino kudzera m'paipi. Thupi likangodana ndi poizoniyu, ngakhale wochepa kwambiri amatseka chifuwa, ndipo ena amasiyiratu ntchitoyo. Amene alibe chigoba chotere ndi bwino penti wa 2K amusiyire ofisina yokhala ndi zida.

Penti wakale nayenso ali ndi zake. Wina, makamaka wofiira ndi wachikasu, anali ndi mtovu, ndipo fumbi lake limawononga ubongo wa ana aang'ono. Ana asaseweretse fumbi lopalidwa, nkhuku zisatole pamenepo, ndipo zovala zantchito zichapidwe pazokha. Mbaula, nyali yaparafini ndi fodya zikhale kutali, chifukwa mpweya wa thinala umakwawa pansi ndipo umatha kukakumana ndi moto uli patali ndithu.

Wopanda komporesa sanatsekeredwe njira. Ena amapenta ndi esmalte wosungunulidwa bwino, pogwiritsa ntchito kogudubuza kathonje, mopyapyala kangapo, akumapala ndi lisha yonyowa pakati pake. Zimatenga masiku ambiri ndipo kuwala kwake sikufika pa kwa pisitola, koma chitsulo chimatetezeka.

Kusankha tsiku

Penti amafuna nyengo yofunda pang'ono, madigiri 20 mpaka 25, kopanda mphepo ndi chinyezi. M'chigwa cha Zambezi, kumene kutentha kumapitirira madigiri 40 mu Okutobala ndi Novembala, utoto umauma usanafike pachitsulo nkusiya thupi lokhakhala ngati mchenga. Kumeneko ntchito ndi ya m'mamawa. Kumapiri a Ulónguè vuto ndi lina: m'mawa wa Juni ndi Julayi kumazizira ndipo kumagwa nkhungu, choncho penti amatuwa ngati wathiridwa mkaka. Kumeneko ndi bwino kudikira dzuwa likwere. Mphepo ya Ogasiti imabweretsa fumbi ndi zinyalala za moto wa m'tchire.

Galaja imasesedwa dzulo lake, pansi pamawazidwa madzi kuti fumbi ligone, makoma amatchingidwa ndi mapulasitiki, koma mpweya uzikhala ndi potulukira. Madzi a m'thanki ya komporesa amakhetsedwa, apo ayi amatuluka limodzi ndi utoto. Pisitola imayesedwa kaye palata lakale. Pagalimoto imagwiridwa patali masentimita 15 mpaka 20, dzanja likuyenda mofanana, mzere uliwonse ukuphimba theka la unzake. Ulendo woyamba ukhale wopyapyala, ndipo pakati pa maulendo pamadikiridwa mphindi zimene zalembedwa pachitini.

Zolakwika zilipo zitatu zodziwika. Dzanja likachedwa, utoto umayenderera ngati misozi. Utoto ukalimba kwambiri kapena mpweya ukachepa, pamwamba pamaoneka ngati khungu la lalanje. Pakatsalira mafuta kapena polishi, pamatuluka timabowo tozungulira ngati maso a nsomba. Oyamba kumene amathamangira kupukuta ndi chala, nkuwonongeratu. Kuona maso a nkhono n'kudekha: penti aume kaye bwinobwino, kenaka misozi ndi khungu la lalanje zimatha ndi lisha yonyowa ya 1500 kapena 2000, ndi polishi.

Mtundu ndi mapepala

Eni MGB ambiri amabwezera mtundu umene galimoto inatuluka nawo kufakitale, chifukwa pogulitsa ndi umene ogula amafuna. Kwa anthu a m'malire pali chifukwa china chachikulu. Mtundu wa galimoto umalembedwa mu livrete. Yoyera ikasanduka yabuluu mapepala akunenabe kuti ndi yoyera, mafunso amayamba kwa apolisi apamsewu, ndipo amakula pachipata cha Zóbuè, Calómuè kapena Cassacatiza, kumene galimoto yosiyana ndi mapepala ake imaganiziridwa kuti ndi yakuba. Wofuna kusintha mtundu ayambe wapita ku ofesi ya INATRO kukamva zofunika kuti kusinthako kulembedwe, asanatsegule chitini.

Kubwezera mtundu womwewo kumachepetsanso ntchito, pakuti mkati mwa zitseko ndi pansi pa boneti sipafunika kupenta. Ndalama zotsalazo zili ndi kopita: chitsulo chowotcherera pamene dzimbiri linaboola, lisha yokwanira, ndi chophimba kumaso chabwino cha amene adzagwire pisitola.