Aashaninka a ku Peru: Mtsinje Choyamba

Amayi, m'nkhalango ya Amazon ku Peru muli anthu a mtundu wa Ashaninka, omwe ambiri amakhala m'mbali mwa mitsinje ya Ene ndi Tambo. Chakudya chawo chachikulu ndi chinangwa, ndiwo zake nsomba ndi nyama zam'tchire.

Mukudziwa kuti chinangwa chimakhutitsa, koma pachokha sichimanga thupi kapena kuonjezera magazi. Nsomba zikasowa, mayi woyembekezera amachepa magazi, ndipo akataya ena pochira moyo wake umakhala pachiswe. Ana nawo amapinimbira. N'chifukwa chake pa nkhani ya chitukuko, Aashaninka amayambira pa kuteteza malo ndi mtsinje.

Boma litavomereza zomanga damu lamagetsi la Pakitzapango, lomwe likanamiza midzi ndi minda, mayi Ruth Buendía anagwirizanitsa midzi n'kulikana potsata malamulo. Ntchitoyo inaima, ndipo mu 2014 mayiwa analandira mphoto ya Goldman.

Chachiwiri ndi ndalama zosafuna kugwetsa nkhalango. Mabanja amalima koko pamthunzi wa mitengo n'kugulitsira pamodzi kudzera m'bungwe lawo la Kemito Ene.

M'kalata ya Laudato Si' ya 2015, Papa Francis anaphunzitsa kuti eni nthaka ngati amenewa azifunsidwa kaye ntchito zikuluzikulu zisanayambe pamalo awo.