Chilungulira ndi Mafuta Obisala m'Magazi

Munthu akakhuta mbatata, kapena nsima ya ndiwo zonona kwambiri, n'kukagona nthawi yomweyo, amatha kudzidzimuka pakati pa usiku akumva kutentha pachifuwa. Kutenthako kumakwera mpaka kukhosi, ndipo m'kamwa mumabwera timadzi towawasa. Achewa amati munthu wotere akumva chilungulira. Dzina la vutoli m'Chingerezi limanena za mtima umene ukupsa, koma mtima ulibe mlandu. Motowo umachokera m'chifu.

Chakudya chikamezedwa chimatsika kudzera mummero, njira yotalika pafupifupi masentimita 25 mwa munthu wamkulu, n'kukalowa m'chifu. M'chifumo muli asidi wamphamvu amene amathandiza kugaya chakudya ndi kupha tizilombo. Chifu sichipsa ndi asidiyo chifukwa mkati mwake ndi mokutidwa ndi madzi oterera ngati therere, pamene mmero ulibe chitetezo chokwanira chotere. Pamalo pamene mmero wakumana ndi chifu pali mnofu wozungulira umene umagwira ntchito ngati chingwe chomangira kukamwa kwa thumba. Umamasuka kuti chakudya chilowe, kenako umathina. Mnofuwu ukalekerera, kapena chifu chikadzaza mopitirira muyeso, asidi amabwerera m'mwamba n'kuwotcha mmero.

Botolo losatsekedwa bwino silitaya madzi likaimirira, koma likagonekedwa madzi amayamba kuchucha. N'chimodzimodzi ndi chifu. Choncho munthu amene chilungulira chimamuvuta ayenera kudikira maola 3 kapena 4 atadya asanakagone. Zimenezi n'zovuta m'mabanja amene makolo amaweruka kuntchito usiku, komabe kudya pang'ono madzulo kumachepetsa vutolo. Kukweza bedi kumutu ndi masentimita 10 mpaka 20, poika matabwa kapena njerwa pansi pa miyendo yake, kumathandizanso, monganso kugonera kumanzere. Lamba wothina kapena chitenje chomangidwa mwamphamvu pamimba chimafinya chifu. Khofi, chokoleti, tsabola, mowa, fodya ndi zakudya zokazinga m'mafuta ambiri zimautsa chilungulira kwa anthu ambiri, koma matupi amasiyana, ndipo aliyense amayenera kuzindikira chimene chimamuputa iyeyo.

Anthu ena amamwa soda wosungunula m'madzi, yemwe uja amathira mu therere. Sodayo amaziziritsadi asidi kwa kanthawi, koma ali ndi mchere wotchedwa sodium umene si wabwino kwa odwala matenda othamanga magazi. Mwana sayenera kumwa soda yekha ngati mankhwala. Munthu amene wakhala akumva chilungulira pafupifupi tsiku lililonse kwa milungu 3, kapena amene chakudya chikumukakamira pomeza, ayenera kukaonana ndi dokotala.

Chilungulira chili ndi ubwino umodzi: chimadziulula. Zakudya zonona zimabweretsa vuto lina limene silimveka kupweteka n'komwe, lomwe ndi kuchuluka kwa mafuta otchedwa cholesterol m'magazi. Mafutawa si oipa paokha. Chiwindi chimawapanga, ndipo thupi limawafuna. Akachuluka, makamaka a mtundu wotchedwa LDL, amamatirira pang'onopang'ono mkati mwa mitsempha ya magazi, monga mmene mafuta ozizira amatsekera paipi ya sinki. Zimenezi zimatenga zaka zambiri munthu asakudziwa kanthu. Ngakhale wochepa thupi akhoza kukhala nawo ochuluka, pakuti kwa ena vutoli ndi la kumtundu. Njira yokha yodziwira ndiyo kuyezetsa magazi.

Batala, soseji, nyama yonona, makeke ndi mafuta a kokonati zimachulukitsa mafutawa. Chosangalatsa n'chakuti zakudya zambiri zimene zimawachepetsa ndi zomwe agogo a kumudzi akhala akudya kuyambira kale. Nyemba, khobwe, nandolo ndi therere zili ndi ulusi umene umagwira ena mwa mafutawa m'matumbo kuti atuluke m'thupi. Phala la oats, limene limapezeka m'masitolo a ku London, Johannesburg ndi Harare, limachita chimodzimodzi. Ndiwo zamasamba zotendera ndi nsinjiro zimaposa zothira batala, ndipo mgaiwa uli ndi ulusi wambiri kuposa ufa woyera. Kumene usipa sapezeka, nsomba za sardine ndi mackerel zimalowa m'malo mwa nyama yonona. Thupi limafunanso kugwira ntchito. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati ana a zaka 5 mpaka 17 azithamanga kapena kusewera mwamphamvu kwa mphindi 60 patsiku, ndipo akuluakulu azilimbitsa thupi kwa mphindi zosachepera 150 pamlungu. Koma amene dokotala anawapatsa mankhwala ochepetsa mafutawa sayenera kuwasiya chifukwa choti ayamba kudya nyemba.

Mtsempha wopititsa magazi kumtima ukatsekeka, munthu amamva kupweteka pachifuwa, ndipo ena amaganiza kuti ndi chilungulira chabe. Apa m'pamene pagona ngozi. Ngati agogo kapena kholo likudandaula kuti pachifuwa pakulemera ngati paikidwa mwala, ululu ukufika kumkono, kumsana kapena kunsagwada, likutuluka thukuta ndiponso likubanika, si nthawi yofunafuna soda. Ngakhale mwana wa kupulayimale akhoza kuimba foni kuitana ambulansi. Ku Britain nambala yake ndi 999, ku United States ndi 911, ndipo ku South Africa ndi 10177, kapena 112 pafoni ya m'manja. Woimbayo atchule adiresi ya nyumba momveka bwino, afotokoze zimene wodwalayo akumva, ndipo asadule foni mpaka womuyankhayo atamuuza kutero.